Njinga yabwerera ikufuka utsi: kodi mlandu ndi wa shopu kapena wa mwini wake?

Wapakauntala (Lilongwe):
Ndikupereka moni kwa nonse akuluakulu a pagulu lino, ndipo ndikupempha nzeru pa nkhani imene yandisowetsa tulo sabata ino. Ndatha miyezi 8 ndikugwira ntchito pakauntala pa shopu ina yogulitsa ndi kukonza njinga zamoto zoyenda m'misewu yafumbi, zija zamatayala amanomano ndi mashoka aatali. Ntchito yanga ndi kulandira njinga zobwera ku sevisi, kulemba khadi la ntchito, kutulutsa masipeya m'sitolo, ndiponso kupereka makiyi kwa amene wagula yatsopano.

Mwezi wa Julayi tinagulitsa njinga ya 200cc ya four-stroke kwa bambo ena olima fodya cha ku Kasiya, amene analipira ndalama zawo za kuokushoni zonse pakamodzi. Anabwera ku sevisi yoyamba pa makilomita 1,000 monga tinawauzira, kenako sitinawaonenso mpaka Lolemba lapitali, pamene anafika njingayo ikufuka utsi wabuluu, akudandaula kuti m'mawa ikumavuta kulira ndiponso oyilo akumatha msanga. Mita inali isanakwane makilomita 6,000. Mkulu wa amakaniko atatsegula bokosi la mpweya anandiitana, nandiuza kuti ndipise chala kuseri kwa fyuluta, kasiponji kosefa mpweya wolowa m'injini, mu mphira uja wopita ku kabuleta. Chala chinatuluka chofiira ndi fumbi losalala ngati ufa woyera, ndipo fyulutayo inali youma gwa, yopanda ndi dontho lomwe la oyilo. Bambowo anavomera mosabisa kuti amaichapa ndi petulo Loweruka lililonse n'kuibwezera youma, chifukwa ankaganiza kuti kunanda kuja ndi litsiro.

Abwana akuti walanti, lonjezo lija lokonza ulere njinga yatsopano ikawonongeka, siikhudza injini yodya fumbi, choncho bambowo alipire pisitoni, malingi, mavalavu ndi ntchito yomwe. Bambowo akuti palibe amene anawauza za kuthira oyilo pa fyuluta, ndipo akunena zoona, pakuti amene anawapatsa makiyi tsiku lija ndine. Ndinawaonetsa tchoki, kampopi ka petulo ndi poyezera oyilo, koma bokosi la mpweya sindinalitsegule, ndipo buku la njingayo lili m'Chingerezi chokhachokha. Kodi pamenepa mlandu uli kwa yani, nanga inu m'mashopu mwanu mumatani?

Mkulu wa Galaja (Mzuzu):
Mphwanga, mwachita bwino kunena mbali yanu osabisa. Ndiyambe ndi zimene zachitika m'injinimo, kuti ena amene akuwerenga amvetse chifukwa chake nkhani ya kachinkhupule kakang'ono yafika pa pisitoni. Fyuluta ya siponji siigwira fumbi ndi timabowo take ayi, chimene chimagwira fumbi ndi oyilo womata amene ali m'timabowomo. Ikakhala youma imatchinga udzu ndi timiyala tokha, koma fumbi losalala la mu Seputembala ndi Okutobala limadutsa, limasakanikirana ndi petulo, n'kuyamba kupala valavu yolowetsa mpweya, malingi ndi khoma la silinda pang'onopang'ono ngati sandipepa. Valavu ikadyeka siitsekanso bwino, n'chifukwa chake njinga ikuvuta kulira m'mawa, ndipo malingi akatha oyilo amakwera kukapsa pamwamba pa pisitoni, n'chifukwa chake mukuona utsi wabuluuwo. Petulo nayenso amaumitsa siponji ndi kusungunula guluu wa m'mphepete mwake.

Tikatsata pepala, abwana anu sanalakwe, chifukwa walanti imakhudza cholakwika cha kufakitale, ndipo apa fakitale sinalakwe kanthu. Komanso bambowo anayenda makilomita pafupifupi 5,000 osabweranso. Koma ine funso langa lili pa makaniko amene anachita sevisi yoyamba ija: kodi mwini njinga anali kuti pamene iye ankatsuka fyuluta? Ku galaja kwathu ndimaletsa kusiya kasitomala watsopano atakhala pabenchi panja, amayenera kuima pambali pa makaniko n'kuona ndi maso ake.

Mlangizi wa ku Ntchisi:
Ndikufuna kulankhulako monga munthu wokwera, osati wokonza. Akuluakulu a m'mashopu mumanena kuti munthu abwerenso ku sevisi ngati kuti shopu ili kuseri kwa nyumba yake. Kuchokera kumene ndimagwira ntchito kukafika ku Lilongwe ndi kubwerera, tsiku lonse latha, petulo wapita wambiri, ndipo m'miyezi imene mafuta akusowa munthu sungawononge malita ako ochepa pa ulendo wokasinthitsa oyilo. N'chifukwa chake ambiri timapita kwa amakaniko a pamsika amene anazolowera njinga za kabaza. Ine njinga yanga yoyamba ndinapatsidwa kuntchito pamodzi ndi chipewa ndi makiyi basi, ndipo ndinatha chaka chathunthu ndisakudziwa kuti pansi pa chishalo pali chinthu chofuna oyilo. Bambo a ku Kasiya aja sanali osasamala, pakuti munthu wosasamala sachapa fyuluta Loweruka lililonse. Ankaisamala ndi mtima wonse koma mwa njira yolakwika, ndipo amene akanawawongolera ndi amene analandira ndalama zawo.

Makaniko wa ku Gauteng:
Moni achimwene ndi alongo kumudzi konko. Ine ndili ndi zaka zingapo ndikugwira ntchito pa shopu ya njinga za masewera kufupi ndi Johannesburg, ndipo ngakhale makasitomala athu ndi osiyana ndi anu, mdani wathu ndi mmodzi yemweyo. Kuno anthu amagula KTM, Husqvarna, GasGas, Yamaha YZ ndi Honda CRF kuti azikathamanga nazo m'tchire ndi m'mabwalo a mpikisano Loweruka ndi Lamlungu. Lachinayi ndi Lachisanu pakauntala pamadzaza anthu ofuna matayala, mapulagi, oyilo wa two-stroke ndi magalasi a kumaso, ndipo sabata ikangoyamba magalimoto a pikapu amafika atanyamula njinga zokutidwa ndi matope, ina yathyoka chogwirira kilatchi, ina yapindika ladiyeta, ina mashoka akutsogolo akutaya oyilo chifukwa matope ouma anadula labala. Ntchito yoyamba ya mnyamata watsopano pa shopu ndi kutsuka njinga ndi mafyuluta, ndipo ine ndinatha miyezi yambiri manja anga ali abuluu ndi oyilo wa fyuluta ndisanaloledwe kugwira injini.

Njinga zimenezi sitiziwerengera makilomita koma maola, ndipo zimakhala ndi kawotchi kowerenga nthawi imene injini yalira. Oyilo amene ali m'injini ya four-stroke ya mpikisano ndi pafupifupi lita imodzi yokha, choncho amasinthidwa pakangopita maola 10 kapena 15. Fyuluta imatsukidwa ulendo uliwonse munthu akabwera kutchire, ndipo okwera ambiri amakhala nazo zitatu kapena zinayi, zothira kale oyilo, atazisunga m'timajumbo. Walanti ya njinga za mpikisano ndi yaifupi kwambiri, zina zilibe n'komwe, kotero aliyense amadziwa kuti injini ikadya fumbi thumba lopweteka ndi lake.

Komabe chimene ndikufuna mumve ndi ichi: ngakhale anthu athu ambiri anakulira pa njinga, sitilola njinga yatsopano kutuluka pakhomo mwini wake asanakhale nafe pafupifupi ola lathunthu. Timamukweza panjinga n'kuyeza mmene shoka yakumbuyo ikutsikira ndi kulemera kwake, timamuonetsa kulekerera kwa tcheni, ndipo ngati ndi ya kabuleta timamukumbutsa kuti Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, kumene mpweya ndi wopepuka, kotero akatsikira nayo kunyanja ku Durban majeti, timabowo tija tolowetsa petulo m'kabuleta, ayenera kusinthidwa. Pomaliza amachotsa fyuluta yekha n'kuibwezera yekha ife tikuona, chifukwa fyuluta yokhala mopendekeka ndi yoopsa kuposa yakuda. Chakumapeto kwa chaka, pamene anthu akukonzekera mpikisano wa njinga wa Roof of Africa m'mapiri a ku Lesotho, ntchito imachuluka mpaka timaweruka usiku, koma ola limenelo sitilidumpha. Ngati munthu wodziwa kale timamuphunzitsa chonchi, kuli bwanji mlimi amene akugula njinga yake yoyamba?

Mayi wa Masipeya (Blantyre):
Achimwene a ku Gauteng, zimene mwafotokoza ndi zabwino, koma kumbukirani kuti inu mukafuna botolo la oyilo wa fyuluta mumangotambasula dzanja pashelefu. Ine ndimasunga sitolo ya masipeya, ndipo chiyambire pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kupeza ndalama zakunja zoitanitsira katundu kwakhala kovuta zedi. Munthu ukapeza madola ochepa umayamba waitanitsa matcheni, masipuloketi, mabuleki ndi mapisitoni, pomwe oyilo wa fyuluta amatsalira kumapeto kwa mndandanda. Ndanena izi chifukwa ndaona anyamata apakauntala akuopa kutchula chinthu chimene alibe m'sitolo, ndiye amangokhala chete.

Koma kukhala chete kumeneko n'kosafunika, pakuti mabuku a njinga zambiri zogwirira ntchito amalola kugwiritsa ntchito oyilo wa injini wamba ngati wapadera uja palibe. Munthu atsuke siponji m'parafini, atsukuluze ndi sopo ndi madzi, ayanike pamthunzi mpaka iume, athire oyilo woyera n'kufinya m'manja mpaka afike paliponse, osaipotokola ngati chovala, kenako apake girizi pang'ono m'mphepete momwe imakhudzana ndi bokosi. Zonsezi mayi kapena bambo angathe kuchita pakhonde kwawo ndi beseni. Za mlandu, ine ndikuona kuti shopu ili ndi gawo lake, ngakhale pepala lisanene.

Mwini Shopu (Zomba):
Ndikuona kuti abwana a mnyamatayu akuweruzidwa iwo palibe, choncho ndiloleni ndiwayankhulireko monga munthu amene ndimalipira lendi ndi malipiro a anthu mwezi ndi mwezi. Anthu ambiri amaganiza kuti walanti ndi ndalama zimene shopu inasunga m'kabati. Zoona zake n'zakuti tikalandira dandaulo timajambula zithunzi, timalemba nambala ya injini ndi ya chasisi, timatumiza kwa amene amatipatsa njinga, ndipo iwo akangoona fumbi kuseri kwa fyuluta amakana nthawi yomweyo. Zikatero chilichonse chimene tapereka chaulere chimachokera m'thumba lathu, pomwe phindu la pa njinga yatsopano ndi lochepa kuposa mmene anthu amaganizira, mukachotsa msonkho, mayendedwe ndi masiku amene makaniko amathera akuimanga kuchokera m'bokosi. Shopu imakhalira galaja ndi masipeya. Mukakonza injini imodzi ulere, mbiri imafika m'mudzi monse, ndipo mwezi wamawa abwera wina amene anayendetsa njinga yopanda oyilo nayenso akunena kuti sanauzidwe.

Sindikunena kuti bambowo abwezedwe chimanjamanja. Ine ndikanawauza kuti agule masipeya pa mtengo umene ndinagulira, ntchito ndiwachitire ulere. Koma mawu akuti shopu yalakwa sindikanawalemba paliponse.

Mlangizi wa ku Ntchisi:
Bambo a ku Zomba, ndamva za lendi ndi msonkho ndipo sindikutsutsa. Koma munthu woyendetsa njinga yopanda oyilo ndi wosiyana ndi uyu, chifukwa za oyilo wa m'injini aliyense amadziwa, ngakhale mwana wa sukulu. Za kuthira oyilo pa siponji sizidziwika, ndipo nzeru za munthu wamba zimamuuza zosiyana, kuti chinthu chosefa mpweya chiyenera kukhala choyera ndi chouma. Pamene chinthu chikutsutsana ndi nzeru za munthu wamba, wogulitsa ndiye ali ndi udindo wochinena. Mukuopa kuti mbiri ya kukonza ulere ifalikira, koma mbiri yakuti njinga ya pashopu yakuti inatha m'miyezi itatu nayonso ifalikira, ndipo pa depoti ya feteleza kapena pamaliro palibe amene adzatchule fyuluta.

Wonyamula Zoyeza (Neno):
Ine ntchito yanga ndi kutenga magazi ndi makhololo m'zipatala zing'onozing'ono kupita nazo ku labu, ndipo amene amadziwa misewu ya kuno adziwa kuti njinga imagwira ntchito yotani, fumbi m'chilimwe ndi matope m'dzinja. Ndimakwera Yamaha AG200, ija ya tcheni chotsekeredwa m'bokosi ndi zoimikira mbali zonse ziwiri. Chimene chinandithandiza ndi njira imene bungwe la Riders for Health limaphunzitsa okwera ake, yotchedwa PLANS, imene imakumbutsa munthu kuona zinthu zisanu m'mawa uliwonse asanalize injini: petulo, oyilo, kulekerera kwa tcheni ndi zingwe, manati, ndiponso mabuleki ndi matayala. Sizitenga nthawi yoposa imene madzi a tiyi amatenga kuti awire.

Ndikufuna kuwonjezera chinthu china chimene wapakauntala aziuza anthu mvula isanayambe. Chaka china ndinagwa pakati pa mtsinje utadzaza, njinga inamira mpaka chishalo, ndipo anyamata amene anandithandiza kuivuula ankafuna kuikankha kuti ilire. Ndinawakaniza chifukwa ndinaphunzitsidwa kuti madzi sapanikizika, ndipo akakhala pamwamba pa pisitoni amapinda ndodo yake. Tinachotsa pulagi, tinakhuthula bokosi la mpweya ndi kabuleta, tinapalasa kiki mpaka madzi anasiya kutuluka pabowo la pulagi, ndipo oyilo amene tinakhetsa anali ngati tiyi wamkaka. Tinasintha oyilo kawiri, ndipo njingayo inagwirabe ntchito zaka zina. Ndikanakhala kuti sindinauzidwe, ndikanaipha tsiku lomwelo, ndipo sindikudziwa ngati mukananena kuti mlandu ndi wanga.

Mkulu wa Galaja (Mzuzu):
Mawu a ku Neno andikhudza, ndipo ndikubweza pang'ono zimene ndinanena za makilomita 5,000 aja, pakuti ngakhale bambowo akanabwera pa nthawi yake, fumbi la milungu isanu ndi umodzi likanakhala litayamba kale ntchito yake. Mphwanga wapakauntala, pamene mukukambirana za ndalama musaiwale kuti ntchitoyo ichitike mokwanira, chifukwa choopsa kwambiri n'chakuti bambowo alipire kenako utsi ubwerenso pa Khirisimasi. Makaniko asangoika malingi atsopano, ayeze silinda, ndipo ngati yakula kapena ili ndi mizere ipite kukaboledwa kuti ilandire pisitoni yokulirapo. Aone mipando ya mavalavu ndi timalabala take, atsuke kabuleta yonse, apukute mphira uja mpaka nsalu yoyera ituluke yoyera, ndipo agwedeze ndodo ya pisitoni kuti amve ngati fumbi linafika pa beringi ya pansi. Fyuluta yakaleyo itayidwe, popeza petulo anaifooketsa kale. Oyilo woyamba akhetsedwe msanga njinga ikayenda pang'ono.

Mayi wa Masipeya (Blantyre):
Ndiwonjezere pa mawu a akuluwa kuti bambowo akamva mtengo wa pisitoni yeniyeni adzafuna kukagula yotchipa kumsika, ndipo m'pomveka. Muwaonetse zonse ziwiri m'manja, aone kusalala kwake ndi mmene malingi akukhalira m'mizere. Mabokosi a masiku ano amafanana kwambiri moti ngakhale ine ndinanyengekapo, ndinalandira katoni ya masipuloketi amene mano ake anapindika ngati minga ya mbedza mwezi usanathe, ndipo ndinabweza ndalama kwa anthu asanu ndi mmodzi.

Makaniko wa ku Gauteng:
Bambo a ku Zomba anena kuti sakanalemba paliponse kuti shopu yalakwa, koma pali pepala lina limene ndikupempha kuti lilembedwe. Kuno mwini njinga amasaina pepala losonyeza zimene waonetsedwa, chimodzichimodzi, ndipo wogulitsa amasainanso. Pepala limenelo limateteza shopu pa tsiku la mkangano, koma phindu lake lalikulu n'lakuti limakakamiza wogulitsa kutsegula bokosi la mpweya ngakhale pakauntala pali mzere. Kwanuko lilembedwe m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, likhale tsamba limodzi, ndipo lina mwini njinga apite nalo. Muikemonso za tcheni, chifukwa ndikabwera kutchuthi ndimaona amakaniko a pamsika akukoka tcheni cha njinga ya mashoka aatali mpaka kulimba ngati cha njinga yakapalasa, osadziwa kuti shoka ikatsika tcheni chimakokeka, n'kuwononga beringi ya sipuloketi yakutsogolo. Muikemo za masipoko, amene amamasuka m'milungu yoyamba, ndi za kutseka kampopi ka petulo ndi kukhetsa kabuleta njinga ikakhala nthawi yaitali, poti petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, amene amakoka chinyezi.

Mwini Shopu (Zomba):
Pepala limenelo ndalivomereza, ndipo ndikupempha kuti amene alilembe atiponyere pano tonse tiligwiritse ntchito. Pa za ndalama ndikadali pomwe ndinaima.

Wapakauntala (Lilongwe):
Zikomo kwambiri nonse, ndabwera kudzakuuzani mmene zathera. Lachinayi m'mawa ndinalowa mu ofesi ya abwana ndisanatsegule kauntala, ndipo ndinawauza ndekha kuti fyuluta sindinawaonetse bambo aja. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anaitana makaniko amene anachita sevisi yoyamba, ndipo nayenso anavomera kuti bambowo anali atapita kukagula mbewu m'tauni pamene iye ankagwira ntchito. Silinda itayezedwa inapezeka kuti ikufunika kuboledwa, koma beringi ya pansi ili bwino. Agwirizana kuti bambowo alipire pisitoni, malingi ndi valavu pa mtengo wogulira, theka tsopano ndipo theka akagulitsa soya, pomwe kubola, magasiketi, oyilo, fyuluta yatsopano ndi ntchito zili pa shopu. Abwana anandiuza kuti sandidula malipiro, koma Loweruka likubwerali ndikhale m'galaja tsiku lonse ndikutsuka mafyuluta kufikira nditadziwa kuphunzitsa wina.

Bambowo sanasangalale kwenikweni, ndipo ananena kuti ndalama zimenezo anasungira feteleza wobereketsa. Komabe asanakwere minibasi ndinawatengera kuseri, ndinawapatsa beseni, parafini ndi siponji yakale, ndipo anachita okha kuyambira kutsuka mpaka kupaka girizi. Atafinya siponjiyo n'kuona oyilo akutuluka pakati pa zala anapukusa mutu, nati mlamu wawo amene anagula njinga chaka chatha nayenso amaibwezera youma, ndipo anamuimbira foni tili pomwepo.

Pepala lija ndayamba kulilemba usiku wathawu ndipo ndafika pa mfundo 9. Achimwene a ku Neno, ndikupempha kuti mundilembere bwinobwino ndondomeko ya njinga yomira m'madzi, kuyambira pa kuivuula mpaka pa kusintha oyilo, chifukwa Lachiwiri tikupereka njinga zinayi kwa anthu a ku Dedza ndipo mitambo yayamba kale kusonkhana.